Galimoto ya banja imene ndinaitanitsa ku Japan

Mkangano wa galimoto unabuka m'nyumba mwathu ku Chelstone, mu Lusaka, chifukwa cha mwambo wa Kulamba. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti timapita ku Mkaika, m'boma la Katete, ndipo mkazi wanga anali atatopa ndi kulimbirana malo pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ali ndi ana anayi, zikwama, ndiponso bambo ake okalamba amene timakhala nawo. Tinagwirizana zogula galimoto yaikulu, yaitali miyendo, yoti banja lonse lizikwanamo ndipo pobwerera tizinyamulamo thumba la mtedza ndi nkhuku zimene achibale amatipatsa. Chimene sitinamvane ndi kumene galimotoyo idzachokere.

Apongozi anga ananenetsa kuti tigule ya kuno. M'maganizo mwawo munali mudakali zaka za m'ma 1970, pamene fakitale ya ku Livingstone inkalumikiza magalimoto a Fiat ndipo ku Ndola kunkatuluka ma Land Rover, moti ankakhulupirira kuti munthu wokonda dziko lake ayenera kukwera sitima ya pamtunda kupita kummwera n'kukabwerako akuyendetsa yake. Mafakitale amenewo anasiya ntchitoyo kalekale, koma mkamwini satsutsa apongozi pamaso, choncho ndinkangowomba m'manja pang'onopang'ono n'kumati, "Zoona, bambo," kenako usiku n'kumapempha mwana wawo kuti akawafotokozere yekha.

Mkazi wanganso ankafuna ya kuno, koma iye ankatanthauza galimoto imene yafika kale mu Lusaka, yoimikidwa m'mipanda ya ogulitsa m'mbali mwa Great East Road kapena Kafue Road, imene munthu angathe kuitsegula, kukhalamo, kuinunkhiza, ndi kuitanira makanika kuti alowe pansi pake. Mtima wake unali pa Toyota Fortuner, yopangidwa ku Durban, ya mipando isanu ndi iwiri, imene zipangizo zake sizisowa m'tauni muno. Titafunsa mtengo, ine ndinayamba kutsokomola ngakhale kunalibe fumbi.

Anzanga a kuntchito ndiwo anandilangiza zoitanitsa ku Japan pa intaneti, monga amachitira anthu ambiri kuno, poti kumeneko nakonso amayendetsa kumanzere kwa msewu ndipo chiwongolero chimakhala kumanja ngati kwathu. Pakati pa zithunzi zambirimbiri ndinapeza galimoto yakuda, yamapewa, ya tayala lapadera kumbuyo, yokoka ndi mawilo onse anayi, ndipo mtengo wake unali wochepa mochititsa manyazi. Pansi pa chithunzicho panali tizilembo ndi timanambala, kuphatikizapo 660, koma munthu amene waona mwayi sataya nthawi ndi masamu. Mlamu wanga, amene ndi makanika ku Kalingalinga, atandifunsa kukula kwa injini, ndinamuyankha kuti injini ya ku Japan safunsa. Ndinatumiza ndalama, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kulankhula ndi aneba ngati munthu amene ali ndi katundu panyanja.

Galimotoyo inatsikira padoko la Dar es Salaam, dalaivala wina n'kuiyendetsa mpaka ku Nakonde, pamalire a dziko lino ndi Tanzania, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Lusaka. Ndinakwera basi kukailandira ndekha. Ejenti wondithandiza mapepala atandiuza msonkho wake ndinasangalala ndi kuchepa kwake, mpaka ndinamugulira chakumwa chozizira. Kenako anandilowetsa mumpanda wa magalimoto, ine n'kumayenda patsogolo, maso ali m'mwamba, kufunafuna chinthu chakuda chamapewa. Mnyamatayo anandikoka malaya n'kunena kuti, "Abwana, mwaipitirira."

Inali yomweyo ndithu, mtundu wake, tayala lake, ngakhale kachizindikiro ka pagalasi. Kungoti amene anaijambula ayenera kuti anagona chafufumimba pansi, ndipo mpaka lero mlandu wonse ndimauika pa iyeyo. Nditakhala pampando wa dalaivala ndinatha kugwira chitseko cha kumanzere popanda kuwerama. Ejenti uja, amene anali ataona abambo ambiri akufooka maondo pamalo omwewo, anandifotokozera modekha kuti ku Japan kuli gulu la timagalimoto lotchedwa kei, limene malamulo ake salola injini kuposa ma cc 660, kutalika kuposa mamita 3.4, m'lifupi kuposa mamita 1.48, kapena okwera kuposa anayi. Kwathu tilipo asanu ndi awiri.

Nditaliza injini, mawu a mayi wina anamveka kuchokera pansi pa chiwongolero, akulankhula Chijapani mwaulemu kwambiri. Pambuyo pake ndinamva kuti kameneko n'kachipangizo kolipirira misewu ya kwawoko, ndipo kamadandaula kuti mulibe khadi nthawi iliyonse injini ikalira. Wailesi yake inkathera pa 90 FM, kotero kuti masiteshoni ambiri a kuno sankagwira, ndipo ulendo wonse wodutsa ku Mpika, Serenje ndi Kapiri Mposhi ndinayenda ndi mayiyo basi, mathiraki akamandipitirira kagalimoto n'kumagwedezeka ndi mphepo yawo.

Kunyumba anali atatsegula mbali zonse ziwiri za geti, ndipo aneba anali ataima pakhonde. Ndinalowera mbali imodzi, malo n'kutsalako. Ana anakuwa ndi chimwemwe poganiza kuti ndawagulira iwowo. Mkazi wanga anakazungulira kamodzi manja ali kumbuyo, n'kusuzumira mkati, kenako anandifunsa ndi mawu otsika kuti, "Bambo a ana, mwanayu tamuona, nanga amake afika liti?" Ndinamufotokozera za kukwera kwa mtengo wa petulo ndi kuvuta kwa malo oimika magalimoto pa Cairo Road, koma anali atalowa kale m'khitchini. Mlamu wanga atafika anatsegula boneti, n'kuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa ngati injini ina ikubwera padera.

Ogasiti atakwana, mkazi wanga ndi ana anapita kukakwera basi pa Intercity monga mwa nthawi zonse, ndipo ine anandisiyira zikwama zonse pamodzi ndi apongozi, amene anati sangalole kuti chuma cha banja chiyende chopanda munthu wamkulu. Anakhala kutsogolo, maondo atafika pachibwano, chipewa chili pamiyendo poti denga silinalole kuti achivale. Mpaka ku Chongwe ndi Rufunsa tinayenda bwino, ndipo ndinayamba kuwauza kuti galimoto imayesedwa ndi mtima wake, osati thupi. Iwo sanayankhe, ankangoyang'ana kutsogolo.

Tisanafike pa mlatho wa Luangwa pali mapiri a Manenekela, pamene msewu umakhotakhota n'kumakwera ndi kutsika. Kagalimoto kanayamba kulira mokweza koma liwiro likuchepa, mpaka basi imene munali banja langa inatipitirira, ana atatulutsa manja pazenera akutibayibitsa. Ndinapatukira pambali kuti injini ipume, ndipo apongozi anatsika n'kuwongola msana kwinaku akusimba za Fiat ya mnzawo imene inkakwera phiri lomweli itanyamula matumba a chimanga.

Titalowanso ndinaliza injini, ndipo mayi uja analankhula monga mwa chizolowezi chake. Apongozi anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anatembenukira kwa ine mwaulemu wonse.

"Mkamwini, ine sindilowerera za m'nyumba mwanu, ndipo mwana wanga sindikamuuza kanthu. Koma auzeni mayiwa atsike ayambe ayenda pansi mpaka pamwamba pa phirili, chifukwa anthu atatu kagalimoto aka sikangatikoke."