Utsi wakuda uja amalipira ndi dalaivala

Nchito yanga ndi kuyang'anira mabasi a munthu wina muno mu Lusaka, ma Rosa ndi ma Hiace, ena amanyamuka pa Kulima Tower kupita ku Chelstone, ena Matero, ena Chawama. Ndine ndimalandira kashing'i madzulo ndikulemba m'buku, ndine ndimathamangira masipeya, fitinesi, inshuwalansi, road tax, ndipo basi ikafera pamsewu foni yomwe imalira ndi yanga. Eni ake ndi amayi ena achikulire, anatenga bizinesiyi amuna awo atamwalira ndipo ndalama amaidziwa bwino, sungawanamize ngakhale ngwee.

Kwa amene simuli mu nchitoyi ndifotokoze kaye za kashing'i chifukwa nkhani yonse ya sabata yathayi yagona pamenepo. Dalaivala amatenga basi m'mamawa, madzulo ayenera kubweretsa ndalama yomwe tinagwirizana, kaya kwagwa mvula kaya kunalibe anthu. Mafuta amagula yekha pa zomwe wapeza tsikulo, kondakitala amulipira yekha, ang'wang'wazi, anyamata oitanira okwera pa siteshoni, nawonso awapatse kawo, zotsala ndiye zake. Mwini basi zake ndi matayala, oyilo, mabuleki, injini. Ndiye muone bwino apa, wogula mafuta ndi wina, wokonza injini ndi wina.

Lolemba madzulo dalaivala wathu wamkulu pa onse, ife timangoti amdala, anabwera ndi ndalama yosakwana, ndipo si munthu wa masewera ameneyu, wayendetsa mabasi ine ndili pa sukulu. Anangoti "mwana wanga, basi iyi ikumwa, ndikugwirira nchito filling station manje." Rosa yawoyo ndinali nditaiona kale ikukwera fulayi ova ya pa Munali, utsi wakuda bii kumbuyo moti wa njinga yamoto anachita kutseka mphuno ndi dzanja. Lachiwiri ndinaitengera kwa makanika wathu, anayang'ana n'kunena kuti ma injekita atha, sakupopera dizilo bwino koma akungomudonthetsa, fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, pampu nayo ifunika kuichuna. Utsi wakuda pa injini ya dizilo ndi mafuta amene sanapse, alowa mu injini n'kutuluka ku ekizozi osagwira nchito iliyonse. Amdala amawagula ndi ndalama yawo n'kumawamwaza pa Great East Road kuti ana a sukulu oima pa siteji apume.

Ndinapita kwa amayi ndi pepala la mtengo wokonzera. Analiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Basi ikuyenda kapena siikuyenda?"

"Ikuyenda amayi."

"Nanga vuto lili pati bambo?"

Sindikuwanena ayi, kumbali yawo masamu ali bwino, akakonza ma injekita ndalama ituluka m'thumba mwawo koma phindu la mafuta lipita kwa dalaivala, kashing'i ikhala yomweyo. Dalaivala naye sangakonze injini ya basi yomwe si yake, mawa akhoza kuchotsedwa. Ndiye basi imangofuka choncho chaka ndi chaka, ndipo ndikhulupirira kuti mabasi ambiri ofuka omwe mumawaona m'tauni muno nkhani yake ndi yomweyi, si kuti anthu sadziwa kukonza.

Lachitatu ndinakwera nawo amdala kuyambira m'mawa kuti ndione ndi maso anga komwe dizilo akupita, ndipo ma injekita ndi mbali imodzi chabe. Nthawi ya m'mawa anthu akupita ku nchito basi imadzaza msanga, koma ikakwana cha m'ma 10 koloko umaima pa mzere pa siteshoni kudikira kuti idzaze, ndipo ikafika nthawi yako yopakira injini siizimitsidwa, chifukwa wokwera akamva injini ikulira amaganiza kuti basi inyamuka pompano, ukazimitsa amatsika kukakwera ina kapena kuitana takisi ya Yango. Mabasi ena batire ndi sitata n'zofooka, akazimitsa ndiye kukankha. Kenako msewu weniweniwo, kuchoka pa Munali kudutsa UNZA, Arcades, Manda Hill mpaka kulowa m'tauni, giya wani giya thuu, buleki, giya wani, ndipo ukayang'ana pawindo motoka zing'onozing'ono zambiri zomwe zatizungulira muli munthu mmodzi mmodzi pamene ife tanyamula anthu oposa 25 koma tonse tili pa mzere umodzi. Mafulayi ova aja a Lusaka Decongestion Project, a pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres, omwe anamanga a Afcons ndi ngongole yochokera ku India, anathandiza ndithu pa malo amenewo, sindingakane, koma motoka zikungochulukirabe ndipo basi yodzaza anthu imadikira chimodzimodzi ndi munthu amene ali yekha mu motoka yake.

Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni woposa makilogalamu awiri ndi theka, kaya basi ikuyenda kaya yangoima. Ndipo lita imeneyo yachokera kutali, kuno tilibe mafuta athu, dizilo amabwera pa paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, makilomita 1,710, ndipo amagulidwa ndi madola. Kuyambira 2023 paipiyi imanyamula dizilo woyengeka kale wa salufa wochepa, amene ndi wabwinoko pa injini komanso pa mpweya, koma ukamuthira mu injini ya ma injekita okutha afukabe basi. Boma linachotsa sabuside ya mafuta mu Disembala 2021, ndipo a ERB, bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta, anayamba kumaunika mtengo mwezi ndi mwezi, ndiye kumapeto kwa mwezi madalaivala onse makutu amakhala pa wailesi. Mtengo wokwerera basi susintha msanga choncho, pamakhala kukambirana kaye, ndipo pakati pamenepo amene amapanikizika ndi dalaivala yemwe uja. Akapanikizika amathamanga, amapakira mopitirira, amadula njira kudutsa m'makomboni, amaima paliponse, zonse zomwe anthu mumadandaula nazo zija.

Chinanso chomwe chimandiwawa, chaka chilichonse ndimalipira msonkho wa kaboni pa basi iliyonse, koma umawerengedwa potengera kukula kwa injini. Basi yosamalidwa bwino ndi basi yofuka ngati ng'anjo ya makala zimalipira mofanana bola injini zikhale zofanana, ndiye msonkhowo sumuuza mwini basi chilichonse chokhudza kukonza.

Lachinayi kunabwera mwana wa amayi, mnyamata wophunzira bwino, ndi foni m'manja kutionetsa mabasi a magetsi, akuti tigulitse zakalezi tiyambe zatsopano, boma linachotsa msonkho wa kasitomu pa motoka za magetsi mu bajeti ya 2024. N'zoona zimenezo ndipo ine mtima wanga umazifuna, njira ngati ya Matero ndi yaifupi, basi imangozungulira pomwepo, ilibe oyilo wosintha, ilibe ma injekita, ndipo ndalama ya mafuta yomwe imapita kunja ingatsale muno. Koma ndinamufunsa kuti achimwene, 2024 munali kuti? Chilala chija boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale, madzi anatsika ku Kariba, ndipo popeza magetsi athu ambiri amachokera ku madzi, m'makomboni tinkawaona maola ochepa chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Basi yomwe sinatchajidwe usiku m'mawa siituluka pa geti, ndipo dalaivala wa kashing'i alibe tsiku loti angokhala. Sola ikubwera, ya ku Chisamba ija ya 100 MW anaitsegula mu 2025, koma dzuwa limawala nthawi yomwe basi ili pamsewu, ndiye pafunika mabatire ena kapena malo otchajira pa siteshoni pomwe. Onjezani mtengo wogulira, chiwongoladzanja cha kubanki, komanso makanika wathu amene moyo wake wonse wagwira dizilo. Zidzatheka, koma woyamba ayenera kukhala wa thumba lalikulu kapena boma, osati amayi amasiye a mabasi ochepa ogula kale ku Japan.

Amdala anali pomwepo akumvetsera, iwo anangokumbutsa za sitima ya Njanji ija ya m'ma 1990 yomwe inkanyamula anthu kuchokera ku Chilenje kudutsa m'tauni mpaka ku George, akuti anthu ankadzaza ndipo msewu unkapuma. Lero m'malo ambiri momwe inkadutsa anthu anamangamo. Ngakhale katundu wolemera, lamulo la 2018 linati magawo 30 pa 100 aliwonse a katundu ngati kopa, simenti ndi shuga aziyenda pa njanji, koma imani pa Lumumba Road madzulo muone mathiraki momwe andandalikirana, ndipo ndi omwewo amene timapanikizana nawo.

Lachisanu ndinabwereranso kwa amayi, ulendo uno ndi amdala komanso buku. Ndinawauza kuti tiyeni tigawane, amayi atulutse ndalama yokonzera yonse, amdala awonjezere kangachepe pa kashing'i tsiku lililonse mpaka theka la ndalamayo litabwerera, akatero kashing'i ibwerere pakale ndipo zonse zopulumuka pa mafuta zikhale zawo. Amdala poyamba anakana, akuti "ndilipirire basi ya eni?" ndipo ndinawamvetsa, koma titawerengera limodzi zomwe akuthira pa tsiku panopa ndi zomwe ankathira basiyo ili bwino anakhala chete kenako anati tiyese. Amayi nawo anaika lawo, akuti ngati ndi choncho malita azilembedwa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi risiti, asamangomva pakamwa. Ndinawonjezera kuti tilembe papepala kuti amdala sachotsedwa pa basiyo nthawi yonse yomwe akubweza, apo ayi ndiye kuwadyera masuku pamutu.

Loweruka basi inaswera ku galaja, ma injekita anapita kokayezedwa pa makina, fyuluta yatsopano, oyilo, ndipo ndinauza makanika ayang'anenso sitata kuti amdala azitha kuzimitsa akaima pa mzere wodikira. Madzulo tinaiyesa pa chitunda, utsi uja wachepa kwambiri, wangotsala pang'ono ukaponda mwamphamvu. Za malita sindinena kanthu panopa mpaka buku lidzaze mwezi wathunthu.

Madalaivala ena amva kale, wa Hiace ya Chawama wandiimbira kuti nayenso yake ikumwa. Ndamuuza abwere Lolemba m'mamawa tiyambire kuyeza mpweya wa matayala, chifukwa ndinaona akumbuyo ali ofewa ndipo tayala lofewa nalo limadya mafuta, tikatero ndiye tione za injini. Za kulira kwa injini popakira sindingazithetse ndekha, pafunika onse a pa siteji agwirizane kuzimitsa nthawi imodzi, ndiye ndapempha a tcheyamani a njira yathu kuti andipatse mpata ndilankhule pa msonkhano wawo wa mwezi uno.