Zikomo nonse amene munandiyankha mafunso aja

Lachisanu lapitali ndinakapereka lipoti la kafukufuku wanga ndipo aphunzitsi alilandira. Papita masiku atatu ndikusowa poyambira kuthokoza, poti anthu ake ndi ambiri, ena sindikuwadziwa ndi mayina omwe.

Ndinkafufuza kumene anthu a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilobwe amasunga ndalama zawo. Poyamba ndinkaiona ngati ntchito yosavuta. Ndinali nditawerenga za Global Findex, kafukufuku amene World Bank inayamba mu 2011, wofunsa anthu pafupifupi 1,000 m'dziko lililonse limene amafikako, a zaka 15 kupita m'mwamba. Pa dziko lonse, okhala ndi akaunti anali 51 pa anthu 100 alionse mu 2011, pofika 2021 anali 76. Kwathu kuno kuli kafukufuku wofanana naye wotchedwa FinScope, amene anachitika mu 2008, 2014 ndi 2023. Ndinangoti nanenso ndikafunsa kuti "Kodi muli ndi akaunti?" n'kuchonga eya kapena ayi.

Amene munandiphunzitsa kuti funsoli ndi lopapatiza ndinu amayi ogulitsa tomato mu msika wa Ndirande. Munamasula kamfundo ka pachitenje, n'kutulutsa khadi la ku banki lokutidwa m'kajumbo, lopindika ngodya. Munalitenga muli pantchito yosoka, yolandirira malipiro kubanki. Ntchito itatha, tindalama totsalamo tinapita ndi zodula za mwezi ndi mwezi, ndipo simunapondekonso. Pa pepala langa munali "eya". Anzanu a benchi loyandikana anayankha kuti za banki sazidziwa, koma sabata iliyonse amatumiza ndalama kwawo ku Mulanje pa Mpamba, ndipo Lamlungu masana sajomba kukaponya masheya ku banki mkhonde. Usiku umenewo ndinalemba mafunso onse mwatsopano: akauntiyo munaigwiritsa ntchito liti komaliza, foniyo ndi yanu kapena ya abambo kunyumba, ajenti ali patali bwanji, nanga mwana akadwala usiku mumathamangira kwa ndani. Ambiri ankatsitsa mawu akafika potchula katapila. Zikomo pondikhulupirira ndi nkhani imene munthu sauza ngakhale mnansi wake.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Matope ochokera m'phiri la Soche anapita ndi nyumba ku Chilobwe, ndipo ena mwa amene ndinacheza nawo pakhonde sindinawaonenso. Mapepala anga ananyowa mpaka inki kusungunuka, koma zimenezo ndi zazing'ono. Ndinaiweruka ntchitoyi kwa chaka chathunthu, mtima sunkalola.

Nditabwerera, amayi a gulu lina la banki mkhonde munandikhazika pamphasa n'kundifotokozera kuti bokosi la ndalama ndi kaundula wa masheya zinakokoloka pamodzi. Munakhala pansi n'kumakumbutsana pamutu kuti uje anaponya zingati, uje anabwereka zingati, mpaka kaundula anadzukanso. Ena ndalama zinapulumuka chifukwa zinali pa Airtel Money, komabe kubwezeretsa nambala kunkafuna chiphaso cha unzika, chomwenso chinapita ndi madzi. Mutu wachinayi wa lipoti langa ndi wanu, amayi. Ndaulemba momwe munandiuzira.

Aphunzitsi anga ondiyang'anira, munandiimbira foni kangapo nditasowa, osandikalipira. Amfumu ndi atsogoleri a m'misika, munandilola kulowa ndi kope pamalo pomwe anthu amakayikira kuti mwina ndine wa msonkho. Achimwene a kabaza amene munkandidikira ku Bangwe mpaka mdima, Mulungu akudalitseni.

Ndatsala ndi inu mayi anga. Fizi ya chaka chomaliza inakwera kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine n'kuona kuti sukulu yathera pomwepa. Munakabwereka ku banki mkhonde kwanu, n'kumabweza ndi mandasi, kudzuka 3 koloko m'bandakucha tsiku ndi tsiku. Mulibe akaunti ku banki iliyonse, ndipo foni mumabwereka yanga. Pa funso langa loyamba lija mukanakhala "ayi".

Loweruka likubwerali ndidzakhala ku Chilobwe ndi masamba ochepa omwe ndawalemba m'Chichewa, kuti ndikakuwerengereni zomwe zatuluka. Tidzakumane pakhonde lomwe lija, 2 koloko masana.