Task imodzi yandidyera masiku awiri, yatsani event log anzanga

Ndangomaliza kumene ndipo mutu ukadawawabe. Job (ntchito) yathu ya Spark, pulogalamu yogawira makompyuta angapo ntchito ya data yambiri, yomwe timayendetsa pa makompyuta anayi ku ofesi ku Katoto inkangoima pa 199/200 osasunthanso, kutanthauza kuti ma task (tizidutswa ta job) 199 atha, imodzi yokha yakakamira, mafani akulira ngati chigayo, ine maso pa sikirini kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 3, kenako magetsi thii. Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi choti Spark UI ija ya pa port 4040, tsamba loonetsa momwe job ikuyendera, imafera limodzi ndi job, ndiye magetsi atabwera ndinalibe poyang'ana kuti chavuta nchiyani, tsiku lonse lapita choncho, abwana akungofunsa kuti "achimwene lipoti lija lili pati?"

Musanathamangitse chilichonse yatsani event log, failo yosunga zonse zomwe job yachita: ikani spark.eventLog.enabled kukhala true, muipatsenso foda pa spark.eventLog.dir, History Server ya pa 18080, tsamba loonetsa ma job akale, izikuonetsani zonse olo job itafa. Ikafa mwadzidzidzi ngati yangayi mukaipeza pa incomplete applications, osati pamndandanda woyamba uja.

Mawa lake nditaiyendetsanso job ija ndinalowa pa Stages mu Spark UI, ndikutsegula stage (gulu la ma task) yokakamirayo, pa Summary Metrics median masekondi 6 koma max ikupitirira mphindi 40, pa Event Timeline timizere tonse tifupitifupi kupatula umodzi wobiriwira wotalika mpaka kumapeto. Shuffle Read, kuchuluka kwa data yomwe task imalandira, ya task imeneyo inali yaikulu kuposa anzake onse kuwaphatikiza. Kufufuza bwino, anzathu olowetsa data ya alimi akasowa dzina la boma ankangolemba N/A, ndiye pa join (polumikiza matebulo awiri) mizere yonse ya N/A inkathamangira mu partition (chigawo cha data) imodzi, kompyuta imodzi ikusenza katundu pomwe zitatu zangokhala.

Iii ndayiwala, dzulo lakelo ndinawononganso bandulo usiku ku Chibavi ndikuwerenga ma log a executor (pulogalamu yogwira ma task pa kompyuta iliyonse) mmodzimmodzi kudzera pa SSH, njira yolowera mu kompyuta uli kutali, zopanda phindu, chifukwa error munalibe, job sinkalakwa, inkangochedwa basi. 200 ija ndi default ya spark.sql.shuffle.partitions ndipo kuikweza sikunathandize, key imodzi, ngati N/A ija, imapitabe malo amodzi.

Ndinapatula ma N/A kuwayendetsa paokha, job yatha mu mphindi 9. Ife tikadali pa Spark 2.4, kuyambira 3.2 Adaptive Query Execution imabwera yoyatsa kale ndipo imagawa yokha partition yonenepa pa join, ndawauza abwana kuti tikweze. Koma event log ija yatsani lero lomwe, ine ndaiika mu spark-defaults.conf ndisanatseke kompyuta.