Dill Wotendera

Mbewu ya dill, chomera cha timasamba tonunkhira tokometsera chakudya, ndinaifesa mu Meyi, kuzizira kutangoyamba kuno ku Zomba, chifukwa chomerachi chikakumana ndi dzuwa la Okutobala chimathamangira kuchita maluwa chisanatulutse masamba okwanira. Ndinafesa pabedi pomwepo, mosazamitsa kupitirira theka la sentimita, popeza dill ali ndi muzu umodzi wolunjika pansi ndipo sakonda kuwokeredwa. Patatha pafupifupi milungu iwiri anamera, ndinamupatulira, ndipo madzulo aliwonse ndinkamuthirira malovu akudzaza m'kamwa poganizira chambo chowotcha chokhala ndi timasamba take tonunkhira pamwamba.

Masamba atatsala pang'ono kufika pothyola, kunabwera apongozi anga kuchokera ku Ntcheu. Mayiwa ndi mlimi weniweni wa kachewere ndi kabichi, ndipo sangathe kuswera pamkeka pamene kuseri kwa nyumba kuli dimba. Ine ndi mkazi wanga titapita kuntchito, iwo anakayendera mabedi, ndipo ataona masamba a dill anatsimikiza kuti ndi karoti. Pamenepa palibe wowaimba mlandu, chifukwa mbewu ziwirizi ndi za banja limodzi ndipo masamba ake amafananadi. Anazula chomera choyamba, napeza kamuzu koyera koonda. Anazula chachiwiri, kenako chachitatu, mpaka anafika kumapeto kwa bedi akufunafuna karoti ngakhale mmodzi yekha woti achotse manyazi a mkamwini wawo.

Madzulo fungo linandichingamira ndili pageti. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayankhulana maso ndi maso, choncho uthenga unadzera kwa mkazi wanga ngakhale kuti tonse tinali pakhonde limodzi.

"Uwauze abambowa kuti karoti wawo sanabereke. Mwina ogulitsa mbewu anawapusitsa, koma asadandaule, masamba sindinataye."

Mkazi wanga, amene ankadziwa bwino lomwe zimene ndinafesa, anabwereza mawuwo akuyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

Odziwa kuphika amathira dill wochepa kwambiri, wongotsina ndi zala, chakudya chitatsala pang'ono kuphulidwa. Apongozi anga anaduladula bedi lonse, nathira chidulo, tomato ndi nsinjiro, natendera mphika wodzaza. Mbamu yoyamba itangolowa m'kamwa ndinakumbukira gripe water, mankhwala aja amene amamwetsa makanda m'mimba mukadzaza mpweya, ndipo si zodabwitsa chifukwa m'mankhwalawo mumakhala mafuta a dill yemweyu. Ndinameza misozi ikulengeza. Apongozi anali chete pamkeka chapatali, akudikira chigamulo, ndipo mkamwini wolongosoka sanyoza dzanja la amene anamuberekera mkazi.

"Uwauze amayi kuti ndiwo zakoma kwambiri," ndinatero.

Mawuwo asanafike n'komwe kwa eni ake, mbale yanga inali itadzazidwanso. Usiku umenewo mankhwala a makanda anagwira ntchito yake pa munthu wandevu, moti ndinageya mpaka tambala woyamba. Nyumba yathu ilibe siling'i, ndipo m'mawa mwake apongozi anauza mwana wawo kuti anamva okha mmene ndiwo zija zinawayanjira abambowa, choncho zotsala awasungira za nkhomaliro.

Zomera ziwiri zokha ndi zimene zinapulumuka, chifukwa zinabisika kuseri kwa diramu la madzi. Alendo atabwerera kwawo ndinazisamalira mpaka zinatalika pafupifupi mita imodzi ndi kuchita maluwa achikasu otambasuka ngati ambulera. Njere zitayamba kuderako ndinadula mitu yake, ndinaizondotsa m'thumba la pepala ndi kupachika pamthunzi kuti njere zikauma zigwere momwemo.

Nditapita kukatsitsa thumbalo ndinapeza njere zatsala zochepa. Mkazi wanga anafotokoza mosatekeseka kuti zambiri anazitumiza ku Ntcheu, chifukwa amayi anaimba foni kuti akonza kale mizere isanu kudimba, n'cholinga choti mkamwini wawo akadzapita kukacheza pa Khirisimasi asadzasowe ndiwo zimene amazikonda.