Tsinde la phiri limayambira pati? Lipoti la ulendo wa ku Mchinji

Kalabu yathu ya alimi a kuno ku Kasungu inakacheza kwa anzathu olima m'tsinde mwa mapiri a Mchinji, mvula isanagwe. Tinadzera ku Santhe ndi ku Kapiri, n'kukakhotera pa Kamwendo. Enafe minda yathu ili pafupi ndi phiri la Kasungu, choncho vuto lathu ndi lawo ndi limodzi: madzi otsika m'phiri.

Nkhani inayambira pa mawu. Mmodzi wa ife atanena kuti "m'mphepete mwa phiri", a nyakwawa anati: "Zikomo bambo, mawuwo ndi omveka, koma mphepete ndi ya mtsinje ndi msewu. Phiri lili ndi tsinde, ngati mtengo." Ananena zoona. Tsinde la mtengo ndi pamene thunthu lakumana ndi nthaka, ndipo ngakhale ana a sukulu amaphunzira za tsinde la mneni, pamene liwu lakhazikika. Mphepete imangotiuza kuti malowo ali pambali. Tsinde limatiuza kuti ali pansi ndipo asenza zonse zochokera kumtunda.

Kaphatikizidwe kake nakonso kali ndi ntchito. Tikati "patsinde pa phiri" tikuloza malo amodzi, monga pamene pali kasupe kapena manda. "Kutsinde kwa phiri" amanena ndi munthu amene ali patali. Koma "m'tsinde mwa phiri" ndi dera lonse lozungulira, la zitunda, makwawa ndi mitsetse, momwe muli midzi ndi minda. Mlimi azigwiritsa lachitatuli, chifukwa tsinde si mzere ayi, ndi lamba, pena wopyapyala pena wotambalala.

Anatiyendetsa kuchokera kumalire a nkhalango yotetezedwa ya Mchinji kutsikira kudambo kuti tione malire ake ndi maso. Kumtunda kwa lambayu kuli miyala ikuluikulu yogubuduka m'phiri, dothi n'losaya, khasu limangoti gwee! Pakati pali katondo wosakanikirana ndi timiyala. Mukangoponda dothi lakuda lomata, la makande, dziwani kuti tsinde latha, mwalowa m'dambo. Akasupe ambiri amatumphukira cha pomwepo, pamene mtsetse wafooka. Mtsinje wa Bua, umene umadzadutsa kwathu kuno kupita kunyanja ku Nkhotakota, umayambira kumapiri omwewa.

Tinakhalitsa pa akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa mtsetse imene imatchinga madzi n'kulondolera mizere ina yonse. Zida zake n'zochepa: ndodo ziwiri zofanana, chingwe cha mamita 5, kalevulo kokhala ndi kathovu mkati kopachika pakati pa chingwe, ndi zikhomo zambiri. Chingwe chimamangidwa pa msinkhu umodzi pa ndodo zonse. Wa ndodo yakumbuyo amaima chilili, wakutsogolo n'kumasuntha yake chokwera kapena chotsika mpaka kathovu kakhale pakati, ndipo apo akhome chikhomo. Akatero wakumbuyo amapita patsogolo. Zikhomo zikatha amaziwongola pang'ono pokhotakhota kuti mzere usakhale ndi ngodya, kenako n'kuunda kalozera wamkulu. Mizere ya chimanga imatsata kalozerayo, motalikirana masentimita 75.

Zida zomwezo zimayezanso kutsetsereka. Muimike ndodo ina kumtunda, ina kumunsi, mukweze chingwe pa yakumunsi mpaka kathovu kakhazikike. Mukakweza ndi masentimita 25, mtsetsewo ndi wa 5 pa 100; mukakweza ndi 60, ndi wa 12 pa 100. Pamene patsetsereka kwambiri akalozera aziyandikana, chifukwa madzi amatenga liwiro msanga.

Zolakwika anationetsa osabisa. Munda wina mwini wake anayamba kuunda akalozera kumunsi, kumtunda osakhudzako. Madzi anabwera ndi mphamvu zonse n'kuphwasula mzere woyamba, otsatirawo n'kugwa motsatana. Ntchitoyi imayambira kumtunda nthawi zonse. Pena kalozera anali ndi kadzenje pakati chifukwa levulo sanaiyese. Madzi anasonkhana pomwepo, pano pali chigwembe chofika m'chiuno. Kuyesa kwake n'kosavuta: musinthanitse ndodo pa zikhomo ziwiri zomwezo, kathovu kakasuntha ndiye kuti chingwe chamangidwa molakwika.

Udzu wa vetiva umabzalidwa motsata kalozera mvula ikakhazikika, timaphata ta mphukira ziwiri kapena zitatu, motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Pofa pazibwerezedwa msanga, poti mpata umodzi umasanduka khomo la madzi. Chimene chinatikhudza kwambiri ndi njira ya anthu ndi ng'ombe yolunjika kuphiri: palibe amene amaiwerengera ngati munda, koma ndi imene imayamba kukumbika. Anzathuwa amaitchinga ndi miyala mopingasa n'kupatutsira madzi m'maenje.

Tagwirizana kuti eni minda yogundana ndi phiri ndiwo ayambe kukhoma zikhomo mwezi uno, enafe tikawathandize, kenako tizitsika munda ndi munda mpaka kudambo.