Ku Valletta, mzinda wa malinga pa chilumba cha Malta

Mabasi onse opita ku Valletta amathera kunja kwa linga, pafupi ndi bwalo lalikulu limene pakati pake pali kasupe wotchedwa Triton, ndipo kuyambira pamenepo mlendo amayenda wapansi. Ndinawoloka mlatho umene uli pamwamba pa chingalande chakuya chimene chinakumbidwa m'thanthwe pofuna kulekanitsa mzindawu ndi mtunda wonse wa chilumba cha Malta, ndipo nditasuzumira pansi ndinaona kuti miyala imene inachotsedwa mmenemo ndi yofanana ndi imene inamangira makoma a mbali zonse ziwiri. Mzindawu ndi waung'ono kwambiri, moti munthu amatha kuudutsa kuchokera pachipata mpaka kunsonga kwake asanatope, komabe bungwe la UNESCO, limene linauika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 1980, limawerenga nyumba ndi zipilala za mbiri yakale 320 pa malo a mahekitala 55 okha. Pamasiku amene ndinakhala kumeneko, chimene chinandikhudza koposa ndi kuona amene mayina awo analembedwa pa miyala imeneyi ndi amene sanalembedwe.

Amene anamanga Valletta anali asilikali achipembedzo a chipani cha Yohane Woyera, ana a mabanja olemekezeka a ku Ulaya amene ankalumbira kusamalira odwala ndi kumenya nkhondo. Atathamangitsidwa pa chilumba cha Rhodes mu 1522, mfumu ya ku Spain, Charles V, inawapatsa Malta mu 1530, ndipo msonkho wake unali mbalame imodzi ya mtundu wa kabawi chaka chilichonse. Mu Meyi 1565 zombo za ufumu wa Ottoman wa ku Turkey zinafika ndi asilikali ochuluka kwambiri kuposa oteteza chilumbachi, ndipo nkhondo inakula mpaka mu Sepitembala. Linga la St Elmo, limene lili kunsonga kwenikweni kwa kamtunda kolowa m'nyanja kotchedwa Sciberras, linagwa pa 23 Juni pambuyo pa mwezi wathunthu wa kuombedwa ndi mizinga, ndipo mizinga imeneyo adani anaitchera pamwamba pa kamtunda komweko, kamene panthawiyo kanali kopanda nyumba. Mkulu wa chipanicho, Jean de Valette, anaona kuti mwini wa phiri limenelo ndiye mwini wa madoko onse awiri, la Grand Harbour ndi la Marsamxett, choncho pa 28 Malichi 1566 anaika mwala woyamba wa mzinda watsopano. Iye anamwalira mu 1568 ntchito isanathe, ndipo chipanicho chinasamukira mumzindawu kuchokera ku Birgu, tauni ya tsidya lina la Grand Harbour, mu 1571.

Mapulani anajambulidwa ndi Francesco Laparelli, katswiri wa malinga amene anatumizidwa ndi Papa, ndipo iye atachoka ntchitoyo inapitirira m'manja mwa Girolamo Cassar, mbadwa ya Malta. Misewu yake ndi yowongoka ndipo imapingasana mwadongosolo, koma popeza phirilo silinasalazidwe, misewu yambiri ya m'mbali imatsetserekera kunyanja ndi masitepe aatali, ofupika msinkhu, amene anthu akumeneko amati anawapanga motero kuti msilikali wovala zitsulo azikwera mosavutika. Pamwamba pa misewuyo palendewera makonde a matabwa otsekedwa ndi magalasi, opakidwa utoto wobiriwira, wofiira kapena wabuluu, ndipo pa ena mwa iwo ndinaona zovala zitayanikidwa, chizindikiro chakuti mumzindawu mukukhalabe mabanja ngakhale kuti nyumba zambiri zasanduka mahotela ndi maofesi.

Malo oyenera kuyambirapo ndi munda wa Upper Barrakka, umene uli pamwamba pa linga loyang'ana ku Grand Harbour. Kuchokera pamenepo ndinaona Birgu, Senglea ndi Cospicua tsidya lina la madzi, ndi linga la St Angelo litakhala patsogolo pawo, ndipo mbiri ya 1565 imene ndinali nditaiwerenga inamveka bwino chifukwa mtunda wa pakati pa magombe awiriwo ndi waufupi moti mzinga sungaphonye. Pansi pa mundawo pali mzere wa mizinga yakale, ndipo umodzi amauliza 12 koloko masana. Pafupi pomwepo pali Auberge de Castille, imodzi mwa nyumba zimene asilikaliwo ankagonamo mogawanika malinga ndi zilankhulo zawo zisanu ndi zitatu, ndipo lero ndi ofesi ya nduna yaikulu ya dzikolo.

Nthawi yanga yambiri inathera m'tchalitchi chachikulu cha Yohane Woyera, chimene Cassar anamanga m'zaka za m'ma 1570. Kunja kwake ndi kosakongoletsedwa, kofanana ndi malinga ozungulira mzinda, koma mkati mwake khoma lililonse ndi losemedwa ndi kukutidwa ndi golide, ndipo denga lonse lili ndi zithunzi za moyo wa Yohane Mbatizi zimene Mattia Preti anajambula m'zaka za m'ma 1660. Alendo amauzidwa kuti afunde mapewa ndiponso kuti asalowe ndi nsapato za zidendene zosongoka, chifukwa pansi ponse ndi manda. Pali miyala ya pamanda pafupifupi 400, yolumikizana popanda mpata, ndipo uliwonse unapangidwa ndi tizidutswa ta nsangalabwi ta mitundu yosiyanasiyana. Ndinawerama pa umodzi kuti ndiuone bwino: panali chithunzi cha mafupa a munthu ataimirira, chibade chake chitapendekera mbali imodzi, kenaka chizindikiro cha banja la womwalirayo, ndipo pansi pake mawu a Chilatini ofotokoza maudindo ake ndi nkhondo zimene anamenya. Mwamuna aliyense wogona pamenepo anaonetsetsa kuti dzina lake ndi la makolo ake lisaiwalike.

M'chipinda chopemphereramo cha asilikali a ku Aragon muli manda a Nicolas Cotoner, amene anatsogolera chipanichi kuyambira 1663 mpaka 1680, ndipo manda amenewa ndiwo anandiimitsa nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Chifanizo cha mkuluyo chili pamwamba, pakati pa mbendera, mizinga ndi zida zosemedwa, ndipo katundu yenseyo wasenzedwa ndi amuna awiri a mwala woyera, ovula malaya, misana yawo itapindika ndi kulemera. Amenewo ndi akapolo, ndipo nkhope ya mmodzi mwa iwo ndi ya munthu wa ku Africa. Wosemayo anaikapo luso lake lonse pa minofu ya m'mapewa ndi m'miyendo yawo, koma cholinga chake chinali kutamanda amene ali pamwamba. Chuma cha chipanichi chinkachokera kwakukulu ku minda yake ya ku Ulaya ndi ku zombo zimene zinkafunkha m'nyanja ya Mediterranean, ndipo anthu ogwidwa pa zombo za Asilamu ankagulitsidwa, kuwomboledwa ndi ndalama, kapena kumangidwa unyolo kuti azipalasa ngalawa zankhondo. Mu Valletta momwemo munali ndende ya akapolo, ndipo mu 1749 chiwembu chawo chofuna kupha mkulu wa chipani Manuel Pinto chitaululika, ambiri anaphedwa mwankhanza pamaso pa anthu. Ukapolo unathetsedwa mu 1798, Napoleon atalanda chilumbachi ndi kuthamangitsa chipanicho. Ndi zoona kuti mbali inayo inkachitanso chimodzimodzi kwa Akhristu, ndipo mu 1551 pafupifupi anthu onse a pa chilumba cha Gozo anatengedwa ukapolo, koma zimenezo sizichepetsa chisoni cha kuona anthu awiri opanda mayina atasenza manda a mbuye wawo m'nyumba ya mapemphero.

Chithunzi chimene alendo ambiri amadzera chili m'chipinda china cha tchalitchi chomwechi. Caravaggio, wojambula zithunzi wa ku Italy, anafika ku Malta mu 1607 akuthawa mlandu wopha munthu ku Rome, ndipo mu 1608 anajambula kudulidwa mutu kwa Yohane Mbatizi pa chinsalu chachikulu choposa mamita 5 m'lifupi. Yohane wagona chafufumimba pabwalo la ndende, wakupha wamupanikiza mutu ndi dzanja limodzi pamene linalo likusolola mpeni kumbuyo kuti amalize ntchito imene lupanga lasiya, mtsikana wawerama ndi mbale, ndipo mayi wokalamba yekha ndiye wagwira mutu wake ndi manja onse awiri. Kudzanja lamanja akaidi awiri akusuzumira pawindo la zitsulo. Gawo lalikulu la chinsalucho ndi mdima ndi khoma, ndipo ndikuganiza kuti mphamvu yake ili pamenepo, chifukwa imfa ya mneneri yaonetsedwa ngati ntchito wamba ya m'ndende, yochitika kuseri popanda angelo kapena kuwala kochokera kumwamba. Ichi ndi chithunzi chokhacho chimene Caravaggio analembapo dzina lake, ndipo analilemba m'magazi otuluka pakhosi la Yohane. Chaka chomwecho anatsekeredwa m'linga la St Angelo chifukwa cha ndewu, anathawira ku Sicily, ndipo chipanicho chinamuchotsa m'gulu lake.

Nditatuluka mmenemo ndinagula pastizzi, timikate tofufuma tokhala ndi tchizi kapena nsawawa zophwanya mkati, timene ndi chakudya chotsika mtengo cha anthu wamba, ndipo ndinalowera ku tchalitchi cha kusweka kwa ngalawa ya Paulo Woyera. Aliyense amene anawerengapo Machitidwe a Atumwi 28 akudziwa za chisumbu cha Melita, kumene anthu anasonkhera moto Paulo ndi anzake chifukwa cha mvula ndi kuzizira, ndipo njoka inamuluma padzanja osamupweteka. Anthu a ku Malta amakhulupirira kuti chisumbucho ndi chawo, amachita chikondwerero chake pa 10 Febuluwale, ndipo m'tchalitchimo amasunga fupa limene amati ndi la dzanja la mtumwiyo. Mmenemo ndinapezamo amayi achikulire akupemphera m'Chimalta, chilankhulo cha mtundu umodzi ndi Chiarabu chimene chimalembedwa ndi zilembo za Chilatini, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinamva kuti ndili pakati pa eni dziko.

Kumunsi kwa mzinda kuli Sacra Infermeria, chipatala chimene chipanichi chinayamba kumanga mu 1574. Chipinda chake chachikulu chogonamo odwala ndi chotalika mamita 155, ndipo odwala ankadyera m'mbale za siliva. Pa ntchito imeneyi asilikaliwo ayenera kuyamikidwa mosanyinyirika, pakuti anasunga lumbiro limene chipani chawo chinayambira ku Jerusalem. Lero nyumbayi ndi malo a misonkhano.

Linga la St Elmo, limene linamangidwanso pambuyo pa 1565, tsopano limasunga zinthu za nkhondo, ndipo mbali yake yaikulu ikunena za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Malta inali m'manja mwa Britain kuyambira 1800, ndipo chifukwa cha doko lake ndege za Italy ndi Germany zinaiphulitsa kuyambira mu Juni 1940, koopsa kwambiri mu 1942, pamene mabanja ankagona m'mapanga okumbidwa m'thanthwe ndipo chakudya chinatsala pang'ono kutheratu. Pa 15 Epulo 1942 mfumu George VI inapereka mendulo ya George Cross kwa anthu onse a pachilumbachi, ndipo mendulo yeniyeniyo ili m'lingali, pamene chithunzi chake chili pa mbendera ya dziko. Pa 15 Ogasiti chaka chomwecho chombo cha mafuta chotchedwa Ohio chinalowa m'doko chitabowoka, chikuchirikizidwa ndi zombo zina m'mbali, ndipo mafuta akewo anathandiza kuti chilumbachi chisagonje. Chapafupi pali belu lalikulu limene linaikidwa mu 1992 pokumbukira anthu 7,000 amene anafa pa kuzingidwa kumeneko. Chikumbutso china cha nthawi imeneyo chili pafupi ndi chipata: nyumba ya zisudzo ya Royal Opera House inagwetsedwa ndi bomba pa 7 Epulo 1942, ndipo Renzo Piano, amene anajambulanso mapulani a chipata chatsopano ndi Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2015, anasiya mizati yake yoduka ili chiimire nakonza mkati mwake bwalo la zisudzo lopanda denga. Ambiri a ku Malta sanakondwere nazo, koma ine ndikuona kuti anachita bwino kusabisa chilondacho.

Zipilala zimene zimanena za anthu a ku Malta enieni ndi zazing'ono poyerekeza ndi za chipanichi, ndipo munthu wothamanga angazipitirire. Pabwalo la St George, patsogolo pa nyumba yachifumu ya akulu a chipani, pali chipilala cha Sette Giugno chosemedwa ndi Anton Agius, chokumbutsa za 7 Juni 1919, pamene asilikali a Britain anaombera khamu la anthu amene ankadandaula za kukwera mtengo kwa buledi ndi ulamuliro wachitsamunda, ndipo anthu anayi anafa. Tsikuli ndi la tchuthi kumeneko, monga mmene ife timasungira 3 Malichi, ndipo zipolowezo zinafulumizitsa boma lodziyendetsera zamkati limene linayamba mu 1921. Ufulu wonse unadza pa 21 Sepitembala 1964, pakati pa wa Malawi mu Julayi ndi wa Zambia mu Okutobala, ndipo asilikali otsiriza a Britain anachoka pa 31 Malichi 1979.

Pa msewu waukulu wa Republic, moyang'anizana ndi nyumba ya makhoti, pali chipilala cha mkuwa cha Antonio Sciortino cha 1927, chokumbukira amene anafa mu 1565. Patsinde pake ndinapezapo maluwa, makandulo ndi zithunzi za Daphne Caruana Galizia, mtolankhani wofufuza za katangale amene anaphedwa ndi bomba lotcheredwa m'galimoto yake pa 16 Okutobala 2017. Palibe amene analamula kuti pakhale chikumbutso chimenechi. Anthu anayamba okha kuikapo maluwa, ogwira ntchito za boma ankawachotsa usiku, ndipo anthuwo ankabweretsanso ena m'mawa. Mu Januwale 2020 khoti linagamula kuti kuchotsako kunaphwanya ufulu wa anthu wofotokoza maganizo awo, ndipo mu 2021 kafukufuku wa oweruza anapeza kuti boma liyenera kusenza udindo pa imfa yake chifukwa linalola kuti anthu amphamvu azichita zoipa osalangidwa. Mpaka pano, pa 16 mwezi uliwonse, anthu amasonkhana pamalopo madzulo.