Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Pulani ya amalume

M'gawo lapita ndinalekezera pamene dzina langa linatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku Poly, ku Chichiri, kukaphunzira zojambula ndi kukonza mamangidwe a nyumba. Kumudzi nkhaniyi inafika mopotoka. Ena anamva kuti ndikukaphunzira kuyala njerwa, ena ankati ndikakhala injiniya. Amalume anga a ku Balaka okha ndiwo anamvetsa, ndipo anamvetsa mopitirira muyeso: kwa iwo, banja linali litapeza wojambula mapulani waulere.

Chonsecho miyezi yoyambirira palibe anatilola kujambula nyumba. Tinkalemba mizere ndi pensulo ndi T-square, rula yooneka ngati chilembo cha T, mpaka zala kuda. Kenako anatipatsa tepi kuti tiziyezana tokhatokha: chigongono chili pati munthu akaimirira, dzanja limafika pati pa shelefu, anthu awiri amafuna mpata wotani kuti apatukane mukolido osagundana mapewa. Apa m'pamene ndinadziwa kuti chitseko cha mamita 2.1 m'litali ndi masentimita 90 m'lifupi sichinangogwa kumwamba, chinachokera pathupi la munthu ndi katundu amene amalowa naye. Masitepe nawo ali ndi lamulo lake. Ukawirikiza kawiri msinkhu wa sitepe n'kuphatikiza ndi popondapo, uzipeza masentimita pafupifupi 63, womwe ndi mtunda wa phazi limodzi la munthu woyenda mosathamanga. Sitepe imodzi ikangosiyana ndi zinzake, mwendo umadziwa maso asanaone. Mpaka lero ndikakwera masitepe a m'masitolo ena a ku Limbe ndimang'ung'udza ndekha.

Anatiuza za Vitruvius, Mroma amene analemba zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti nyumba iyenera kukhala yolimba, yogwira ntchito yake, ndi yokongola. Tonse m'kalasimo tinabwerera chachitatucho, koma aphunzitsi anatikanikiza pa choyamba. Zivomerezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinali zisanaiwalike, ndipo zithunzi zake zinkatiphunzitsa kuposa mabuku: makoma olekana m'makona, njerwa zomangidwa ndi dothi zitamwazika, nyumba zopanda ring beam yoti imange makoma onse pamodzi. Funso linali limodzi nthawi zonse: kulemera kwa dengali kukudutsa pati kuti kukafike m'nthaka? Ukalephera kulondola ndi chala kuchokera pa malata, kutsika khoma, mpaka pa maziko, chojambula chako chinali chithunzi chabe.

Tsiku lina tinapita kukajambula tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, chimene mmishonale David Clement Scott anamanga ndi anthu a konkuno kuyambira 1888 mpaka 1891, iye asanaphunzirepo za kamangidwe. Anthu amakonda kutchula zimenezi pofuna kunena kuti sukulu yathu ndi yongotaya nthawi. Ine ndimati akakhale tsiku lathunthu pansi pa makhomo opindika aja, aone mmene njerwa iliyonse ikukankhira inzake, ndiye abwere tikambirane.

Koma phunziro limene linandilowa m'magazi ndi la dzuwa. Dziko lathu lili kummwera kwa equator, choncho mu Juni ndi Julayi dzuwa limayenda chopendekera kumpoto, ndipo zenera la kumpoto limalowetsa kadzuwa nthawi imene tikukafuna. M'miyezi yotentha masana limakhala pafupifupi paliwombo, denga lotuluka pang'ono n'lokwanira kuphimba khoma. Mdani weniweni ndi dzuwa la kumadzulo. Ikamakwana 3 koloko limakhala litatsika, limalowa chopingasa pansi pa denga, n'kuwotcha njerwa zimene zimadzabweza kutenthako usiku anthu akufuna tulo. N'chifukwa chake makoma aatali ndi mazenera ambiri aziyang'ana kumpoto ndi kummwera, kum'mawa ndi kumadzulo kukhale makoma aafupi. Chipinda chizikhalanso ndi potulukira mpweya mbali ina, osati polowera pokha.

Nzeru zimenezi ndinapita nazo ku Balaka patchuthi, zikadali zotentha. Amalume ananditengera ku puloti yawo, njerwa zitaotchedwa kale. Msewu unali kumadzulo.

“Apa pakhale pabalaza, mphwanga, mawindo aakulu awiri. Wodutsa pamsewu azidziwa kuti pano pali munthu.”

“Amalume, mukatero mu Okutobala muzidzathawamo m'nyumba yanu yomwe. Bwanji tiitembenuze, kutsogolo kuyang'ane uko?”

Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. “Nyumba yanga ifulatire msewu? Anthu aziti ndinayambana ndi ndani?”

Ndinatola kamtengo n'kujambula pansi njira ya dzuwa. Amalume anayang'ana, n'kufufuta ndi nsapato mbali imene sanaikonde. Azakhali, amene nthawi yonseyi anali chete, anangofunsa kuti khitchini ikhala kuti, chifukwa iwo saphikira m'nyumba, amaphika pambaula panja, ndipo safuna utsi uzilowa kuchipinda kapena kuyenda mtunda ndi poto wa nsima mvula ikugwa. Funso limeneli silinali m'zolemba zanga, koma ndi limene linasintha pulani kwambiri kuposa zonse zimene ine ndi amalume tinakangana.

Nyumbayo sinatembenuke. Inayang'ana msewu monga mwini wake anafunira. Chimene ndinapambana ndi khonde la mamita awiri kutsogolo konse, mawindo oyang'anizana pabalaza, ndi ring beam imene mmisiri wawo ankati n'kuwononga simenti. Kuseri kunabwera kakhonde kena ka azakhali. Mitengo ya nimu anadzala okha amalume chaka chotsatira, atalawa Okutobala woyamba, ndipo mpaka lero amauza alendo kuti maganizo a khonde anali awo.

Malipiro anga anali nkhuku ndi ndalama ya minibasi. Nditabwerera kusukulu ndinapeza atatipatsa ntchito yoyamba yoti tikaiteteze pamaso pa aphunzitsi onse, zojambula zitakhomedwa pakhoma. Imeneyo ndi nkhani ya gawo 10.